Tsiku Limene Tinenenji Anasenza Dzuwa

Tinenenji Kachingwe analota ali m'kati mwa chithunzi cha chipinda chimene iye mwini ankapanga pa kompyuta. Sanalowere pakhomo kapena pazenera ayi. Anangopezeka ataima chilili pakati pa chipindacho, nsapato za kuofesi zili kuphazi, chiphaso cha kuntchito chikulendewera m'khosi.

Unali usana wa Lachisanu. Anzake onse anali atatuluka kukasaka nkhomaliro, iye n'kutsala yekha kudikira kompyuta kuti imalize kurenda, ndiye kuti kusandutsa mizere ndi manambala kukhala chithunzi chooneka ngati chajambulidwa ndi kamera. Amene anaidikirapo ntchito imeneyi akudziwa: umangoyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini mpaka zikope kulemera. Mutu wa Tinenenji unagwera pa desiki, tulo n'kumutenga dzuwa likuswa mtengo.

Ntchito yake pa kampani ina yojambula mapulani a nyumba mu Blantyre inali yoonetsa anthu zipinda zawo njerwa isanaumbidwe n'komwe. Anali katswiri ndithu, ndipo zimenezi ankazidziwa kuposa wina aliyense. Koma chipinda ichi sichinali cha kasitomala. Panali pabalaza pa nyumba ya makolo ake ku Chilobwe, nyumba imene matope ochokera m'phiri anaikokolola pamodzi ndi mipando, mbale ndi alubamu ya zithunzi zonse za banja. Mayi ake, a Nangozo, anapulumuka chifukwa tsiku limenelo anali kumaliro ku Bangwe. Bambo ake anali atamwalira kale zaka zisanu m'mbuyomo.

Chipitireni nyumbayo, a Nangozo ankakhala kwa mwana wawoyu, chete ngati mlendo. Tsiku lina akusankha nyemba ananena mosayang'ana munthu kuti, "Ndikatsinzina sindikuionanso nyumba ija. Nkhope ya abambo ako ndikuikumbukira, koma ndikusowa powakhazika." Mawu amenewa anamulasa Tinenenji mumtima. Anagwira ntchito masabata atatu akujambula pabalaza paja, ndipo atawaonetsa chithunzicho, mayiwo anachiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Koma ndiye yokongola. Ndi ya abwana ako?" Tsono Lachisanu limeneli, folo koloko, amalume ake a Filimoni ankabwera ndi galimoto kudzawatenga mayiwo kupita nawo ku Ntcheu, kukakhaliratu. Chimene kompyuta inkaphika masanawo kunali kuyesa komaliza.

M'malotomo chipindacho chinali choyera mbee, chopanda fungo lililonse. Munalibe fumbi, munalibe ntchentche, ngakhale kangaude sanayerekeze. Pansi panali matailosi owala moti Tinenenji ankadziona kunsi kwa chibwano.

"Takulandirani, mayi," unatero mpando wautali wotuwa umene unali pafupi ndi khoma. "Mutikhululukire, sitikupatsani pokhala. Sitinazolowere."

"Kodi inu kwanu n'kuti?" anafunsa Tinenenji.

"Pa intaneti. Munatitsitsa Lolemba lija, ife ndi anzathu a tebulo awa. Chibadwire palibe munthu amene anatikhalapo."

Tinenenji anagwada n'kusuzumira. Miyendo ya mpandowo sinkagunda pansi. Panali mpata woti chala n'kudutsa. Tebulo nalo linali m'malere, kabati chimodzimodzi. Zonse zinkangoyandama phee, ndipo zinkaoneka kuti zatopa nako kuyandamako.

"Tikusowa mthunzi wotigwirira pansi," mpandowo unafotokoza. "Umene munatipatsa ndi wopyapyala. Sungagwire kanthu."

Asanayankhe anamva fungo la penti ndi parafini. Atacheuka anaona makwerero atatsamira khoma, ndipo pamwamba pake panali bambo ake, a Kachingwe, atavala ovolosi yawo ya madontho. Moyo wawo wonse anali opaka penti nyumba za anthu, ndipo zinkaoneka kuti imfa sinawasinthe ntchito. Ankasisita khoma ndi chikhatho, nkhope itakwinyika ngati ya munthu amene wapatsidwa tiyi wopanda shuga.

Tinenenji anafuna kulira, koma misozi inaima kaye pambali kudikira kuti anthu apatsane moni.

"Muli bwanji, Ababa?"

"Tili bwino, mayi wojambula. Kumene tili kulibe chinyezi, penti imauma msanga. Kaya inu?"

"Tili bwino, Ababa."

"Khoma ili wapaka ndani?"

"Kompyuta, Ababa. Koma mtundu ndinasankha ndine."

"Mtundu umodzi kuchokera pansi mpaka kudenga! Ine ndinagulapo liti penti yokwana khoma lonse?"

Anatsika makwerero pang'onopang'ono, monga ankachitira bondo lamanzere likavuta, n'kuyamba kufotokoza. Penti ya pabalazapo inali yotsalira ku ntchito: yobiriwira ya kusukulu ina, yachikasu ya m'sitolo ina ku Limbe, ndi kabuluu pang'ono kamene iwo eni anaiwala kumene kanachokera. Zonsezi anazithira mu ndowa imodzi n'kuvundula ndi mpini wa khasu. Inawathera atafika pa ngodya ya kuchitseko, ndipo yosakaniza kachiwiri inatuluka yodera, choncho makoma awiri sanagwirizanepo mtundu. Kuchokera pansi kulekeza m'phewa inali penti ya mafuta, yonyezimira, yoti manja a ana azipukutika. Kumtunda kwake kunali laimu, amene sabweza kuwala, amangokumeza.

"Ndipo mzere wolekanitsa sunali wowongoka," anatero, "chifukwa chingwe changa choyezera iwe ndi anzako munakadumphira."

"Pepani, Ababa."

"Zinapita zimenezo. Ika dzanja apa."

Anaika chikhatho pakhoma, ndipo chikhathocho chinali chaching'ono, cha mwana wa sitandade wani, cha mafuta a zitumbuwa. Atachichotsa, kuyera konse kunasendeka n'kugwa ngati makoko a chinangwa. Khoma lakale linatulukira, lobiriwira mosadziwika bwino, lili ndi tinjira ta bulashi, pena potupa, pena pong'aluka. Mtima wa Tinenenji unayamba kukhala pansi.

"Tsopano yenda," anatero bambo ake. "Kuchokera pakhomo kupita kukhitchini, kubwerera, kupita kuchipinda. Mayi ako anagwada pansi pano Loweruka lililonse zaka makumi atatu ndi chitini cha polishi wofiira, iwe n'kuwaikira matailosi a kuhotela?"

"Makasitomala amakonda zowala, Ababa."

"Yenda."

Anayenda. Phazi lililonse linali chaka. Matailosi anaperepeseka mpaka kutha, pansi pa simenti n'kutulukira, pofiira psuu m'ngodya ndi kunsi kwa kabati, koma pofwifwa pakati pamene mapazi ankadutsa. Kuwala kwake sikunali kwa galasi ayi. Kunali kofatsa, koti kuonetsa mwendo wa tebulo koma osaonetsa nkhope ya munthu. Atafika pakhomo kachitatu, nsapato zake zinadzivula zokha n'kukaima kunja mwaulemu.

A Kachingwe analoza m'mwamba ndi bulashi. Tinenenji atakweza maso anaona tinyali tisanu ndi titatu tikuyandama mumpweya, topanda waya, topanda mwini. Anatizindikira. Mayi ake atalephera kuidziwa nyumba ija, iye anaganiza kuti mwina chithunzi chinali ndi mdima, ndiye anabisa nyali pangodya iliyonse kuti chilichonse chioneke bwino. Umu ndi mmene katswiri amakonzera cholakwa: amachiwonjezera.

"Nyumba yopanda ngodya yakuda, mayi ako tsache azibisa pati?" anafunsa a Kachingwe. "Zimitsa."

Anatiuzira kamodzikamodzi, ndipo kalikonse kankati "zikomo" pozima. Mdima unabwerera m'malo ake, kuseri kwa chitseko, pamwamba pa kabati, kunsi kwa tebulo. Kuwala kunatsala kumodzi kokha, kochokera pazenera.

A Kachingwe anakhala pa mpando wautali uja osapempha. Mpandowo unabuula, n'kutsika mpaka miyendo kugunda pansi. Unafota, n'kusanduka mpando wa thabwa umene anagula kwa kalipentala wa ku Ndirande, khushoni yake italowa m'kati mbali ya kumanzere. Mthunzi unatuluka kunsi kwake, wakuda bii pafupi ndi miyendo, wofewa potalikira.

"Zikomo, bambo," unatero mpandowo. "Kulemera kwa munthu n'kokoma chonchi?"

Koma a Kachingwe maso anali pansi. Ankayang'ana mmene mthunziwo unagonera, n'kumapukusa mutu.

"Khoma wakonza, pansi wakonza. Koma ndi dzuwa ili mayi ako sangalowe muno. Kalifunse kwawo."

Kunja kwa zenera loyang'ana kwa a Sitima, amene kale anali aneba awo, kunali dzuwa. Linali lalikulu ngati beseni losambira, lotumbuluka, litadzikulunga sikafu ya ubweya. Linakhala pa chitsa mwakachetechete, ndipo linkaoneka kuti lakhalapo nthawi.

"Moni, bambo. Ndinu dzuwa la kuti?"

"Ndinabwera ndi pulogalamu, mayi. Kwathu n'kutali, kumene madzi amaundana ndi kuzizira. Kumeneko masana timadzera kumwera, ndiye ndinangokhala kumwera. M'pulogalamumo muli kabokosi kofunsa dera, mwezi ndi ola. Ndadikira zaka zinayi kuti mukatsegule."

Manyazi anamugwira Tinenenji mpaka m'makutu. Zaka zinayi akujambula nyumba za ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe ndi dzuwa la eni ake! Palibe kasitomala amene anadandaulapo, poti iwo maso amathera pa sofa ndi matailosi. Koma a Nangozo sanali kasitomala.

"Zenera limenelo m'nyengo yozizira silinaonepo dzuwa," bambo ake anatero ali pa mpando. "N'chifukwa chake mayi ako ankaika mtsuko wa madzi akumwa pansi pake. Dzuwa la Juni limadzera kumpoto, ku mtengo wa mapeyala, n'kulowa chopendeka ikamakwana fili koloko. Munthu akhoza kuiwala mtundu wa katani, mwana wanga, koma mbali imene dzuwa limamuwombera m'nyumba mwake, thupi limasunga. Lisenze, ukaliike pamalo pake."

"Ndidzere pati, Ababa?"

"Khomo la kuseri. Ndipo usalitule panjira, kaya uone chiyani."

Khomo la kuseri Tinenenji ankaliopa. Chigwereni nyumbayo sanapondeko ku Chilobwe, ndipo minibasi ikamadutsa mbali imeneyo maso ankawaika pa foni. Anatsegula. Kumene kunkakhala khitchini ndi chingwe choyanikira zovala kunali mtsinje wa matope, waukulu, wofiirira, ukuyenda opanda phokoso. Munali malata, miphika, wailesi, chitseko cha a Sitima, zonse zikudutsa pamzere mosathamanga.

Dzuwa linali litasendera kale pakhomopo. Tinenenji anavula chiphaso cha m'khosi n'kupota chingwe chake kukhala nkhata. Dzuwalo linadzikweza lokha pamutu pake, n'kupepesa chifukwa cha kulemera. Linkalemeradi, kuposa ndowa yodzadza. Analigwira ndi manja onse awiri, n'kuponda m'matope.

Matopewo analekeza m'kakolo, ndipo anali ofunda.

"Musaope, mayi," unatero mtsinje. "Zanga ndinamaliza kale. Pano ndikungodutsa."

Atazungulira ngodya ya nyumba anaona alubamu ya banja ikubwera, yotsegula, masamba ake ali ouma. Inadutsa pafupi ndi mwendo wake, moti anaona chithunzi cha ukwati wa makolo ake ndi china cha iye ali wakhanda pa mkeka. Kungowerama pang'ono akanaitola. Koma manja onse awiri anali ku dzuwa. Anaima, mtima ukuwawa, mpaka alubamuyo inakhota kuseri kwa mpanda. Apa m'pamene misozi ija inapeza mpata, ndipo analira akuyenda, khosi lili chiwongokere.

Mtengo wa mapeyala unali chiimire pamalo pake, ngakhale kuti tsiku la matope unazuka ndi mizu yomwe. Tinenenji anatula dzuwa pa mphanda ya nthambi ziwiri. Linayang'ana uku ndi uku, n'kuvula sikafu, n'kuipinda bwinobwino. Kenako linayamba kuchita chikasu, kufunda, kutentha, mpaka thukuta kamukamu.

"Kuno ndiye kuli ntchito," linatero mokondwa.

Tinenenji anapezekanso ali m'nyumba. Kuwala kunkalowa chopendeka pazenera lina, la kumpoto, kutathyoledwa ndi masamba a mapeyala, kutasefedwa ndi katani ya neti, n'kugwera pansi madonthomadontho. Pansi pofiira paja pankabweza kuwalako, kotero kuti laimu wa kumtunda ndi kunsi kwa tebulo zinachita kafiira pang'ono. Fumbi linkasambira mumpweya. Ngodya ya kwa a Sitima inada, ndipo mtsuko unali pomwepo, utanyowa m'mbali. Ntchentche imodzi inalowa, n'kuzungulira kawiri, n'kutera pa kabati. Chibadwire Tinenenji anali asanakondwerepo ndi ntchentche, koma iyi akanatha kuiphikira tiyi.

Bambo ake anadzuka, n'kukokera mpando wawo pamene panagwera dzuwa, koma sanakhalepo. Anayamba kupinda makwerero.

"Ababa, ndikujambuleni inunso pa mpandopo?"

"Ayi. Ungandilakwitse mphuno. Iwe siya mpando ndi dzuwa basi. Zotsalazo si ntchito ya kompyuta."

Pomwepo kunja kunamveka mawu. "Odi kuno!" Anali mawu a a Nangozo, amphamvu, a masiku aja akamachokera kumsika dengu lili pamutu.

"Katsegule," anatero a Kachingwe. "Ine nditulukira kwina."

Tinenenji anapita kuchitseko. Chipinda chinali chitachepa, makoma atasendera pafupi, moti panatsala iye ndi khomo basi. "Odi!" anatero mawu aja kachiwiri. Anagwira chogwirira cha chitseko. Chinali chofunda, chosalala, chokwana bwino m'dzanja, ndipo chinali ndi kabatani kumanzere. Anadina.

Dzidzimu! Anali pa desiki, dzanja lili pa mausi, tsaya lili ndi zidindo za kiyibodi. Wotchi ya pakhoma inkati wani koloko yangodutsa kumene. Kompyuta inali itamaliza chithunzi chake choyera mbee chija, ndipo inkachionetsa monyadira.

Tinenenji anaseka yekha, misozi ili m'masaya. Thupi lonse linapepuka, pakuti tsopano ankadziwa pamene panali vuto. Anafufuza kabokosi kaja mpaka kukapeza, ndipo munalidi dzina la mzinda limene lilime lake silikanatha kulitchula. Analifufuta n'kulemba Blantyre, Juni, fili koloko masana. Anazimitsa nyali zobisika zija. Khoma analigawa pawiri n'kukhotetsa mzere dala, matailosi anawazula, sofa yotuwa ija anaibweza kwawo n'kuikamo mpando wa thabwa ndi mtsuko. Anzake atabwerako ku nkhomaliro anamupeza akuwonjezera fumbi ndi ming'alu pa ntchito ya masabata atatu, wina mpaka kumufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Iye anangopitiriza ntchito, poti nthawi inali itatha.

Kamzere kobiriwira kanafika kumapeto pamene hutala ya galimoto ya a Filimoni inkalira panja. Tinenenji anaponya chithunzicho mu laputopu n'kutsika masitepe awiriawiri. A Nangozo anali pa mpando wakumbuyo, atapanikizika pakati pa zikwama ndi thumba la ufa, maso ali kutsogolo. Iye anatsegula chitseko, n'kugwada pa tala, n'kuwaika laputopuyo pamiyendo.

"Amayi, taonaninso kamodzi kokha."

Mayiwo anayang'ana. Maso awo anayambira pakhomo, kutsata kanjira kofwifwa, kukwera khoma, kutsikira pa mtsuko, n'kukaima pa mpando wopanda munthu. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, osaphethira. Mapewa awo, amene anali chikwerereni kuyambira tsiku la matope, anatsika pang'onopang'ono, ndipo Tinenenji anamva mtima wake ukugwera m'malo.

A Filimoni anazungulira galimoto n'kuwerama pachitseko kuti nawonso aone, mthunzi wawo n'kuphimba sikirini yonse.

"Achemwali, tiyeni, ku Ntcheu n'kutali," anatero. "Kodi n'chiyani chimenechi?"

A Nangozo sanadzutse mutu. Anangotambasula dzanja n'kuwakankhira mlongo wawoyo pambali.

"Achimwene, tasunthani pang'ono," anatero. "Mukuwatchingira dzuwa abambo a Tinenenji."